Tinapita kukaona zakale ku Mua, tinabwerako ndi mlandu wa kwa apongozi

Mayi wa Atatu: Anzanga ndithandizeni nzeru, chifukwa kuyambira Loweruka m'nyumba muno tikungolankhulana za makala ndi mchere basi. Ana atsekera sukulu, ndiye ine ndinati m'malo mongotopetsa mafoni tiwatengere ku Mua akaone myuziyamu ya Chamare. Wamkulu ndi mtsikana wa Fomu 1, wachiwiri mnyamata wa Sitandade 5, chitsirizira ali ndi zaka zinayi. Bambo awo kwawo ndi chakufupi ndi Mtakataka, ndiye anati tikatuluka kumeneko tikadye nkhomaliro kwa amayi. Anaimba foni kumudzi kuti tifika 12 koloko.

Tinanyamuka ku Area 25 mochedwa, nsapato ya wamng'ono inasowa. Tinaima pa Bembeke kugula kachewere ndi kabichi zokapereka kumudzi, kenako kutsika msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere mwapang'onopang'ono poti mnyamata amasanza galimoto ikamakhota. Ku Mua tinafika 11 itakwana kale. Tinkati ola limodzi likwana. Ayi ndithu. Chipinda cha gule wamkulu ana anakanamo kutuluka. Mtsikana akulemba mayina m'kope, mnyamata mafunso osatha, wamng'ono wandikakamira chitenje koma akusuzumirabe. Kumudzi tinafika 3 koloko itadutsa.

Apongozi anali atapha nkhuku m'mamawa, nsima anaphika kawiri. Moni wawo unali wakuti, "Mwafika, alendo a ku Mua?" Ndinameza. Koma chachikulu chinachitika titadya. Tili pamphasa tikumwa thobwa, amalume a bambo a anawa anamufunsa mnyamata kuti waona chiyani kumeneko. Iye mosangalala anayamba kutchula Chadzunda, Maliya, Simoni, kenako anamaliza ndi mawu ena okhudza zilombo amene sindingawabwereze pano. Panali apongozi, alamu anga awiri ndi atsikana a pamudzipo. Amalume anatula chikho pansi, kudzuka, ulendo. Sanatitsanzike. Pobwerera njira yonse galimoto inali zii, ndipo titafika bambo anangoti, "Ulendo wako uja ndi umenewu." Kodi ndinalakwa kutengera ana kumeneko?

Nabanda wa ku Kawale: Amayi, tiyambe ndi nsima kaye, za gule zibwera. Munthu wakalamba wadzuka mbandakucha, wathamangitsa nkhuku, wasesa pabwalo, wauza anansi kuti lero kubwera mwana wanga wa ku Lilongwe. Dzuwa lifika paliwombo kulibe, lipendeka kulibe. Inu mukuganiza ankamva bwanji anansi akamadutsa n'kumafunsa kuti alendo aja sanafike? Mapanga awiri avumbwitsa. Mukanayamba kumudzi.

Mayi wa Atatu: Anabanda, tikanayamba kumudzi sitikanatulukako. Mukuwadziwa apongozi, ukati ndikupita amati dikira mtedza ukazingidwe.

Nabanda wa ku Kawale: Ndiye mukanaimba foni. Kapena ma unitsi anathera pa kabichi?

Mayi wa Atatu: Apo ndavomera. Aliyense ankayesa kuti mnzake waimba.

Dalaivala wa Salima: Ulendo wina mudzadzere kwathu kuno. Kuchoka ku Lilongwe mutenge msewu wa Salima, musanalowe m'tauni mukhotere kumanja pa M5, Chipoka, Mtakataka, Mua. Ndi kozungulira koma mwana sasanza, ndipo kumudzi kwanuko mumayamba kufika musanafike ku mishoni. Khwekhwerere ndi wokongola kuona chigwa chonse ndi nyanja patali, koma amafuna mabuleki abwino ndi mimba yolimba.

Mchewa wa ku Dambwe: Mayi, mwachita bwino osabwereza mawuwo pano, pamenepo ndakupatsani ulemu. Koma musachepetse nkhaniyi. Kwathu mawu otero, pamaso pa amayi ndi ana osameta, ndi mlandu wa nkhuku, kwina mpaka mbuzi. Amalumewo anakukomerani mtima pochokapo. Akanakhala pamenepo akanayenera kulankhula, ndipo akanalankhula zikanafika kwa mfumu. Kuchoka kwawo kunali kukutchinjirizani.

Mayi wa Atatu: Zoona? Ine ndinaona ngati atinyoza.

Mchewa wa ku Dambwe: Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Anazimitsa, inu simunaone utsi.

Mnyamata wa Zigeti: Koma tinene zoona abale. Mwana wa Sitandade 5 ali ndi maso. Waona zinthu zitapachikidwa m'chipinda, waganiza yekha, wanena. Mpaka mlandu? Chinsinsi chake n'chiti poti azungu akubwera ndi mabasi kudzaona, gule akuvina ku misonkhano ya ndale, pa TV ali pomwepo?

Mchewa wa ku Dambwe: Achimwene, kuona n'kwina, kunena n'kwina. Aliyense amadziwa kuti ana amabadwa bwanji, koma simungakafotokoze pamphasa pamaso pa apongozi anu mukumwa thobwa.

Mnyamata wa Zigeti: Kkkkk apo mwandigwira pakhosi.

Mphunzitsi Wopuma: Ndilowererepo pang'ono, poti ndinaphunzitsa zaka zambiri ku Dedza ndipo ana a sukulu ndawaperekezako ku Mua kangapo. Nkhani imene mukukanganayi ndi yakale kuposa tonsefe. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Zaka zoyambirira ansembe ndi anyau sankamwerana madzi. Ansembe ankafuna ana kusukulu ndi ku katekisimu, eni mudzi ankafuna anyamata kudambwe, ndipo panali kulimbana kwenikweni. Ndiye chodabwitsa n'chakuti malo omwewo ndi amene lero akusunga nkhope za gule zoposa 400.

Amene anayambitsa myuziyamuyi ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, amene anafika kuno ku Malawi mu 1967. Anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. Mu 1976 anatsegula malo a Kungoni, poyamba ngati pophunzitsira osema ziboliboli, ndipo mpaka lero mukapita mupeza anthu akusema. Dzina loti Chamare ndi mmene anthu ankatchulira Champmartin, mmishonale wina wakale wa pa Mua, lilime litakana Chifalansa. Chimene ndinkauza ana anga tisanalowe n'chakuti, muno simukulowa m'sitolo, zimene muone muno zili ndi eni ake, ndipo ena mwa eni akewo ndi agogo anu. Ndikuona kuti mawu amenewa ndi amene anasowa pa ulendo wanu, mayi. Ulendowo unali wabwino.

Mayi wa Atatu: Aphunzitsi, ndinenenso kuti amene ankatiyendetsa m'katimo sananene mawu amenewo ayi. Iye ankangoti zilombo, mizimu ya makolo, ndipo ankafotokoza mwaulemu zedi. Anatiuza kuti Simoni ndi wofiira chifukwa akuseka mzungu wopsa ndi dzuwa, kuti Kasiyamaliro ndi mayi wa zonse ndipo amatuluka pa maliro. Zinazo mwanayo anawonkhetsa yekha m'mutu mwake.

Wa ku Joni: Ine ndikuwerenga ndi nsanje. Ana anga anabadwira kuno ku Johannesburg, akamva ng'oma pa foni yanga amafunsa ngati ndi za ku Nigeria. Wanu akudziwa Chadzunda ndi Maliya, mukudandaula? Mlandu wa nkhuku ndilipira ine, nditumizireni nambala.

Nabanda wa ku Kawale: A ku Joni, nkhuku ya pa foni sipepesa munthu. Imafunika yonyamula m'manja, miyendo yomanga ndi luzi.

Mlongo mwa Ambuye: Pepani ndilankhule mosabisa. Ine sindikanatengera ana anga kumeneko ngakhale pakhomo. Banja lopemphera likafuna chiyani m'chipinda cha zilombo? Mwana wa zaka zinayi usiku salota? Zimene zachitikazi mwina ndi chenjezo.

Mayi wa Atatu: Wamng'onoyo anagona tulo tofa nato, m'mawa anadzuka akufunsa za malambe amene agogo ake anamupatsa. Ifenso timapemphera, bambo ndi mkulu wa mpingo.

Mlongo mwa Ambuye: Ndiye n'zodabwitsa kuti analola.

Mchewa wa ku Dambwe: Mlongo, malowo ali pa mishoni, tchalitchi chili pomwepo. Inu mwaposa ansembe?

Mlongo mwa Ambuye: Aliyense adzayankha yekha.

Woyang'anira Gulu: Tiime pomwepo. Gulu lino lili ndi Akhristu a mipingo yonse, Asilamu, ndi a mpingo wa Aroni omwe. Wina akayamba kunyoza chipembedzo cha mnzake kapena kulemba za kudambwe zosayenera kulembedwa, ndifufuta popanda kufunsa. Mayiwa afunsa za banja lawo, tiwayankhe zimenezo.

Mngoni wa ku Ntcheu: Inu nonse mwakakamira chipinda chimodzi ngati ana a mayiwa. Kodi za Angoni simunazione? Zishango, nthungo, zikopa, mbiri ya mmene tinawolokera Zambezi? Ku Mtakatakako mfumu yaikulu ndi Mngoni. Mukanathera nthawi yanu kumeneko, mwana akanakafika kumudzi n'kuvina ngoma, amalume akanamupatsa mphoto osati kuchoka.

Dalaivala wa Salima: Akanamupatsa chipanda cha mowa, tikukudziwani inu.

Mngoni wa ku Ntcheu: Ndi mwambo umenewo, usanyoze.

Mayi wa Atatu: Kkkk tinadutsamo mothamanga, ndivomere. Za Angoni ndi za Ayao tinangoponya maso poti nthawi inali itatha. Mtsikana anadandaula, ankafuna kuwerenga za chinamwali cha Ayao chifukwa mnzake wa pa desiki ndi wa ku Mangochi. Ngakhale zojambula za pakhoma kunja, zofotokoza mbiri ya dziko, tinaziona tikuyenda kupita ku galimoto.

Wophunzira za Mbiri: Ndiwonjezere pa zimene anena aphunzitsi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la miyambo yofunika kwambiri pa dziko lonse, ndipo si wa Malawi yekha, ndi wa Achewa a ku Zambia ndi Mozambique omwe. Chaka chotsatira, 2006, zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza komweko zinalowanso m'kaundula wawo, malo 127, ndipo zina mwa zojambulazo ndi za nyau ndi chinamwali. Ndiye mwana wa sukulu sangathawe nkhanizi, adzazipeza pa mayeso. Vuto limene ndimaliona ine n'lakuti myuziyamu imakuonetsa chinthu chitaima phee. Nkhope ili apo, dzina lili apo. Koma gule ndi ng'oma, fumbi, amayi oyimba, maliro a munthu amene mumamudziwa. Mwana akaona nkhope yokha popanda bwalo, amaganiza kuti wamvetsa zonse. Amalume aja amadziwa bwalo. Anthu awiriwa anakumana pamphasa, wina ali ndi theka, wina ali ndi zonse koma saloledwa kunena.

Mnyamata wa Zigeti: Ndiye mwana aphunzira bwanji ngati odziwawo saloledwa kunena?

Mchewa wa ku Dambwe: Njira ilipo. Amagula.

Mayi wa Atatu: Ayi ayi, mwana wanga sakupita kudambwe, tisafike kumeneko.

Mchewa wa ku Dambwe: Sindinati apite. Ndayankha funso.

Azakhali a ku Zomba: Ndakhala chete ndikuwerenga, koma pali munthu mmodzi amene nonse mukumulambalala. Bambo a anawa. Iwo anakulira kumeneko. Inu mayi, kwanu n'kuti?

Mayi wa Atatu: Kwathu ndi ku Thyolo, koma ndinakulira ku Ndirande.

Azakhali a ku Zomba: Mwaona. Mlomwe wokulira m'tauni angadziwe bwanji zoyenera kunena ndi zosayenera pa mudzi wa Achewa? Kuchoka ku Mua kufika kumudzi munali m'galimoto limodzi. Bamboyo anamva ana akulongolola za zimene aona. Chinamuletsa n'chiyani kutembenuka n'kunena kuti, ana inu, tikafika kwa agogo za m'chipinda chija musakazitchule? Mawu awiri okha. Ndiponso mwa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba wa mnyamatayo ali ku Thyolo. Amalume a ku Mtakataka sangakwiyire mwana amene si mbumba yawo. Akwiyira mphwawo. Ndiye bamboyo akamati ulendo wako, akungokusenzetsani katundu wake.

Nabanda wa ku Kawale: Azakhali mwalasa. Koma za foni zija ndi za onse awiri, sindisintha.

Bambo wa Mapasa: Tisawaweruze bambowo asanalankhule. Ife amuna tikakhala chete nthawi zina ndi manyazi osati mkwiyo. Munthu wachita manyazi pamaso pa amalume ake, amayi ake ndi alongo ake nthawi imodzi. Mupatseni masiku. Ine ndinatengera anga ku Chichiri ku Blantyre, anaona sitima yamoto yakale ija ili panja, anakwera, anajambulitsa, tinapita kwa azakhali awo ku Bangwe, panalibe mlandu. Sitima ilibe mwini kumudzi.

Wa ku Joni: Kapena ku Karonga, akaone mafupa a Malawisaurus. Chilombo chimenecho palibe amalume amene angakwiye nacho.

Dalaivala wa Salima: Mafuta a ku Karonga mugula inu?

Mphunzitsi Wopuma: Musathawe ku Mua chifukwa cha izi. Ine ndikanakhala inu ndikanachita chinthu chimodzi: ulendo wina mudzatenge apongoziwo mupite nawo. Ndinaonapo gogo wina atalowa ndi zidzukulu m'chipinda chimenecho. Woyendetsa alendo atatchula dzina la chilombo china, gogoyo anayamba kuyimba nyimbo yake chapansipansi, n'kufotokoza kuti inkaimbidwa podzudzula mwamuna waulesi amene amadya kwa apongozi osagwira khasu. Ana anaseka, ifenso tinaseka. Amayi a kumudzi ndiwo amayimbira gule pabwalo, nyimbo amazidziwa kuposa ife ophunzira. Ndipo gogo amadziwa polekezera, mwana amaphunzira poona pamene gogo wasiyira.

Mayi wa Atatu: Apongozi anga akhala moyo wawo wonse pafupi ndi Mua koma m'myuziyamumo sanalowemo. Kuchipatala cha pamenepo ndiye amapita. Sindinaganizeko n'komwe zowatenga.

Nabanda wa ku Kawale: Ndiye mwina n'chifukwa chake anati alendo a ku Mua. Mwadutsa pafupi ndi khomo lawo kukaona zakale, iwo akale enieniwo atakhala ndi nkhuku yozizira.

Mayi wa Atatu: Eee Anabanda, mwandipweteka koma ndamva.

Mlongo mwa Ambuye: Ine za gule ndanena kale maganizo anga. Koma za kupepesa apongozi ndikugwirizana nazo. Mutenge shuga ndi chitenje.

Mnyamata wa Zigeti: Mwanayo mwamukalipira? Chifukwa ine chimene chikundikhudza ndi iyeyo. Anafunsidwa funso, anayankha mokondwa, akuluakulu onse nkhope gwaa. Mawa sadzafunsanso kanthu.

Mayi wa Atatu: Sindinamukalipire. Lamulungu anandifunsa kuti, amama, ndinatukwana? Ndinati ayi, koma unanena zinthu za akuluakulu pamalo olakwika. Anati nanga malo ake oyenera ndi ati? Ndinasowa choyankha, ndinamutuma kukagula tomato.

Mchewa wa ku Dambwe: Mwana ameneyo ndi wanzeru. Funso limenelo akamufunse bambo wake.

Mayi wa Atatu: Anzanga ndabweranso, papita masiku atatu. Ndinawawerengera bambo zimene analemba Azakhali a ku Zomba. Poyamba anakwiya kuti ndatengera nkhani za m'nyumba pagulu. Ndinati palibe dzina lililonse, ndipo ndiwauzanso zotsatira zake. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati auze, poti kumudzi aliyense akudziwa kale, wosadziwa ndi iwe wekha.

Zaka 15 tili pabanja sindinkadziwa kuti bambo a ana anga anameta. Ali ndi zaka 12, asanapite ku sekondale, ndipo amene anawaperekeza ndi amalume omwewo. Atalowa mpingo anazisiya, osazitchulanso kwa munthu. Akuti m'chipinda chija thukuta linkawatuluka, n'chifukwa chake ankangoima pakhomo kumayang'ana foni, ine ndinkayesa atopa. M'galimoto anamva ndithu ana akulankhula, anafuna kuwachenjeza, koma anaopa kuti mtsikana afunsa kuti adadi mukudziwa bwanji. Ndiye anangokhala chete n'kumapemphera kuti nkhaniyo isatuluke.

Dzulo aimbirana ndi amalume. Mawu a amalume akuti anali ochepa: "Mwana alibe mlandu. Koma iwe?"

Azakhali a ku Zomba: Ndinanena ine.

Mchewa wa ku Dambwe: Ndinakayikira kuyambira pachiyambi. Mnyamata wokulira ku Mtakataka zaka zimenezo? Auzeni kuti kupemphera sikuletsa kuphunzitsa mwana ulemu wa kwawo.

Mlongo mwa Ambuye: Musawaweruze. Anasankha njira yawo ndipo sichapafupi kunyamula zinthu zotere wekha zaka zonsezo.

Wa ku Joni: Zaka 15! Amayi, fufuzani bwino, mwina alinso ndi ng'ombe ku Golomoti zimene simukuzidziwa.

Mayi wa Atatu: Kkkkk zikapezeka ndikuuzani. Loweruka likubwerali akupita ndi mnyamata, awiriwiri, pa minibasi. Akuti akacheza m'njira, ine ndisafunse zimene akakambirane. Nkhuku tagula kale, tambala wakuda, ali m'bafa akutisowetsa tulo. Ine ndinaimbira apongozi kupepesa za nsima ija. Anati za nsima anaiwala, koma dengu limene anatiikiramo malambe ndi mtedza libwerere, ndi lobwereka. Nditawafunsa ngati angakonde kudzapita nafe ku Mua mwezi wamawa, anati kodi amalowetsa anthu opanda nsapato zabwino? Ndiye pa shuga ndi chitenje paja ndawonjezera nsapato, sayizi 5.

Dalaivala wa Salima: Akadzera ku Salima andiuze, ndimanyamuka 6 koloko m'depoti. Tambala salipira akakhala pamiyendo.

Mngoni wa ku Ntcheu: Mwezi wamawawo muyambire chipinda cha Angoni, chonde.